Mtima wa Mnzako Ndi Tsidya Lina

Mwambi uwu umakonda kubwera mochedwa, zinthu zitaonongeka kale. Munthu amene munkadyera naye mbale imodzi wathawa ndi ndalama za chipereganyu. Mkamwini amene mudzi wonse unkamutama kuti ndi wofatsa wapezeka kuti ali ndi banja lina ku Joni. Ndiye agogo amapukusa mutu n'kunena kuti, "Mtima wa mnzako ndi tsidya lina." Onse amavomera, nkhani n'kuthera pomwepo. Poti timaunena pa nthawi zowawa zokhazokha, ambiri tidauzolowera ngati chenjezo loti tisamakhulupirire munthu. Ine ndikuona kuti makolo adaikamo zambiri kuposa pamenepo. Chimene chandichititsa kuutembenuza mwambiwu ndi chinthu chimene iwo sakadachilota n'komwe: akatswiri a zaluso amene masiku ano amatola kugunda kwa mtima wa munthu ndi makina, n'kuchititsa kuti anthu ena aone kugundako ngati kuwala, amve ngati phokoso, kapena akhudze ndi manja.

Malo amene ndikufuna kuyeserapo mwambiwu ndi Bethanie, mudzi waukulu wa m'chigawo cha North West ku South Africa, kufupi ndi Brits, m'dera la Rustenburg. Ndi likulu la Bakwena ba Mogopa, ndipo dzina lakelo lidabwera ndi amishoni a Lutheran ochokera ku Hermannsburg, Germany, amene adakhazikitsa mishoni pamenepo mu 1864. Dera lonseli lakhala pamwamba pa miyala ya pulatinamu, ndipo South Africa yokha imatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a pulatinamu wokumbidwa pa dziko lapansi. Chumacho chidaitana anthu a zinenero zosiyanasiyana: Axhosa a ku Eastern Cape, Asotho a ku Lesotho, Ashangani a ku Mozambique. Amalawi nawo alipo, ngakhale ambiri a iwo masiku ano salowa pansi. Ali m'minda yothirira ya ku Brits, m'timashopu, pa makina osokera ndi m'makomo mwa mabwana.

Kumalo kotere mwambi wathu sudikira tsiku la milandu. Mnyamata wa ku Mangochi amagawana chipinda ndi mnzake amene adakumana naye m'basi, osadziwa kwawo, osadziwa abale ake. Mayi amapereka katundu ndi ndalama kwa dalaivala wopita ku Blantyre popanda kulemberana paliponse. Pansi pa mgodi, wobowola mwala amaika moyo wake m'manja mwa amene wayendera denga m'mawa n'kunena kuti lili bwino. Aliyense wa anthuwa akadakonda atakhala ndi posuzumirira m'chifuwa cha mnzake asanamukhulupirire. Choncho nkhani ya makina omva mtima tisaitenge ngati zosangalatsa za anthu okhuta a m'mizinda yakutali.

Rafael Lozano-Hemmer adabadwira ku Mexico City mu 1967 ndipo amagwirira ntchito ku Montreal, Canada. Mu 2006, mumzinda wa Puebla, adaonetsa ntchito imene adaitcha Pulse Room. M'chipinda chachikulu chamdima adapachikamo mababu 100, ndipo mbali ina adaikako zogwirira ziwiri zachitsulo. Munthu akazigwira, makina amamva kugunda kwa mtima wake, babu la pafupi n'kuyamba kuphethira motsatira mtimawo. Akasiya, magetsi onse amazima kamphindi, kenaka kuphethira kwake kumasamukira pa babu loyamba la mzere, kwa amene adagwira iye asanafike n'kusunthira pa lachiwiri, choncho mpaka kumapeto. Chipinda chonse chimasanduka khamu la mitima ya anthu amene adutsamo, wina wothamanga, wina wodekha, wina wodumphiza. Akabwera munthu watsopano, mtima umene wakhalitsa umagwera kunja kwa mzere n'kuzimiririka.

Mwini ntchitoyo adafotokozapo kuti ganizoli lidamubwerera atamva kuchipatala mitima iwiri ya ana ake amapasa ikugunda m'mimba mwa mayi wawo. Adatchulanso filimu ya ku Mexico ya mu 1960 yotchedwa Macario, momwe muli phanga lodzaza makandulo, kandulo iliyonse ikuimira moyo wa munthu mmodzi. Za mapasazi ndazitchula dala. Ana awiri ogona m'mimba imodzi, odyera kwa mayi mmodzi, aliyense anali kale ndi mtima wake ndi kagundidwe kake. Mtsinje umene mwambi ukunenawu umayamba kuyenda munthu asanabadwe.

Makinawo si amatsenga. Mtima ukamagunda umatulutsa mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi imene imafika mpaka pa khungu, ndipo zitsulo zogwira m'manja zimaitola, monga amachitira makina a ECG a kuchipatala amene Willem Einthoven wa ku Netherlands adawakonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Njira ina ndi ya kuwala. Mukatembenuza wotchi yamakono mupeza kagetsi kobiriwira kumsana kwake. Magazi amameza kuwala kobiriwira. Mtima ukapopa, magazi amachuluka m'timitsempha ta pamkono, ndiye kuwala kobwerera ku wotchi kumachepa. Kompyuta imawerenga kukwera ndi kutsikaku n'kutulutsa nambala. Kwa munthu wamkulu amene wangokhala osagwira ntchito, nambalayo kawirikawiri imakhala pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi.

Ntchito imene imalimbana ndi mwambi wathu maso ndi maso ndi ya mu Novembala 2019. Pamalire a United States ndi Mexico pali mizinda iwiri yoyang'anizana, El Paso ndi Ciudad Juárez, ndipo pakati pake pamadutsa mtsinje wa Rio Grande ndi mpanda wachitsulo. Mabanja ambiri ali mbali zonse ziwiri, ena osatha kuwoloka chifukwa cha mapepala, vuto limene Mmalawi wa ku Joni safuna womufotokozera. Lozano-Hemmer adaika kachipangizo kamodzi ku El Paso, kena ku Juárez, n'kutilumikiza pa intaneti, ndipo ntchitoyo adaitcha Remote Pulse. Munthu akaika manja pa ka tsidya lino, zitsulo zinkanjenjemera motsatira mtima wa amene wagwira ka tsidya linalo, nayenso uko n'kumamva wa kuno. Mtima wa mnzako uli tsidya lina lenileni, koma ukugunda m'zikhatho zako. Kodi pamenepa mwambi sunagonje?

Tisafulumire kuuikira kumbuyo chifukwa choti ndi wathu. Chilipo chimene chimawoloka. Kugunda kwa mtima wa munthu kale ankakumva ndi anthu owerengeka: mwana woyamwa, mkazi kapena mwamuna wako, ndi amene akukudwazika. Ngakhale René Laennec, dokotala wa ku Paris amene adayambitsa chipangizo chomvetsera m'chifuwa mu 1816, adayamba ndi kukulunga pepala ngati kampope chifukwa adaona kuti si ulemu kuika khutu lake pa chifuwa cha mtsikana wodwala. Ndiye pamene munthu wosamudziwa akupatsa mtima wake kuti uumve m'manja, wakupatsa chinthu chimene sapatsa aliyense. M'dziko la South Africa limene mlendo amaitanidwa maina onyoza, limene mu 2008 anthu 62 adaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, chinthu chokumbutsa munthu kuti m'chifuwa cha mlendo mukugunda chofanana ndi chake si chaching'ono ayi.

Ofufuza apezanso kuti mitima ya anthu imatha kuyendera limodzi. Ku Gothenburg, Sweden, gulu la Björn Vickhoff lidayeza oimba kwaya mu 2013 ndipo lidaona kuti akamaimba pamodzi, mitima yawo imakwera ndi kutsika nthawi imodzi. Chifukwa chake n'chosavuta: mtima umafulumira pang'ono munthu akamakoka mpweya, n'kudekha akamautulutsa, ndipo oimba amapumira pa malo amodzi m'nyimbo. Kwaya ya mpingo wa Lutheran ku Bethanie ndi amayi a Chigwirizano ku Nkhoma amachita zimenezi mlungu ndi mlungu popanda wowauza. Kafukufuku amene amandigwira mtima kwambiri ndi wa Ivana Konvalinka ndi anzake, wofalitsidwa mu 2011. Iwo adapita ku San Pedro Manrique, mudzi wa ku Spain kumene chaka ndi chaka anthu amayenda opanda nsapato pa makala a moto, n'kuveka zoyezera mtima oyendawo ndi oonerera. Mitima ya abale ndi abwenzi a woyenda pa moto inkakwera ndi kutsika pamodzi ndi wake, iwo ali chikhalire. Ya alendo ongobwera kudzaonerera sinkatero.

Mfundo yomalizayi tiigwiritse. Moto unali umodzi, maso onse ankaona chimodzimodzi, koma mitima imene idatsatana ndi ya anthu amene ankadziwana kale. Makina sadamange mlatho pa usiku umenewo. Adangoonetsa pamene panali kale njira yopondedwa ndi zaka za kuchezerana, kudwazikana ndi kulirirana maliro.

Tsono tibwerere ku zitsulo zonjenjemera zija. Mwagwira, ndipo mtima wa tsidya ukugunda ka 120 pa mphindi. Mwadziwa chiyani? Mwina mwini wake wathamangira basi. Mwina ali ndi malungo, kapena wamwa khofi wambiri. Mwina wapsa mtima ndi mawu a abwana, mwina walandira uthenga woti mkazi wake wachira kumudzi, mwana wamwamuna, mwinanso waona galimoto ya apolisi pamene chiphaso chake chidatha mwezi wathawu. Amene adakulira m'mbali mwa Shire kapena Bua amadziwa kuti ng'oma ya tsidya imamveka bwino usiku, ndipo wakumva amatha kunena kuti uko kuli chinamwali, uko kwagwa maliro a mfumu, uko ndi achinyamata akungosewera. Ng'oma ya anthu imanena chimene ikulirira. Ya m'chifuwayi ili ndi mayimbidwe awiri okha oti wapatali n'kuwazindikira, kufulumira ndi kuchedwa, ndipo chimwemwe ndi mantha zimaimba mofanana.

Akatswiri adalimbana nayo nkhaniyi kalekale. Mu 1884 William James wa ku Harvard adalemba kuti thupi ndi limene limayamba, ndipo chimene timachitcha mantha kapena chisoni ndi kumva kwathu kwa zimene thupi likuchita. Mu 1927 Walter Cannon adamutsutsa, ndipo mfundo yake imodzi inali yoti thupi limasintha mofanana pa mantha, pa mkwiyo ndi pa kutentha kwa matenda, kotero kusinthako pakokha sikungasiyanitse chimodzi ndi chinzake. Makina a lero amayeza bwino kuposa a nthawi ya Cannon. Amaona ngakhale kusiyana kwa kanthawi ka pakati pa kugunda kumodzi ndi kotsatira, n'kuuza munthu kuti thupi lake latopa kapena lapanikizika. Koma chimene chapanikiza munthuyo, kaya ndi ngongole, kaya ndi chikondi, kaya ndi mwana wodwala ku Ntcheu, nambala siinena.

Pali china chozama kuposa apa, chimene mwambi sudachitchule koma chikugona m'kati mwake. Mu 1974 Donald Dutton ndi Arthur Aron adachita kafukufuku pa mlatho wolendewera wa Capilano, kufupi ndi Vancouver, umene umagwedezeka pamwamba pa chigwa chakuya mamita pafupifupi 70. Mtsikana wina ankaimitsa amuna owoloka, kuwafunsa mafunso, n'kuwapatsa nambala ya foni. Amuna a pa mlatho wogwedezekawo adamuimbira ambiri kuposa amene adakumana naye pa mlatho wolimba wapansi. Ofufuzawo adamasulira kuti mtima wothamanga ndi mantha, eni ake adauyesa wothamanga ndi chikondi. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, mu 1966, Stuart Valins adaonetsa anyamata zithunzi za akazi uku akuwamvetsera phokoso limene adawanamiza kuti ndi la mtima wawo. Zithunzi zimene phokosolo lidasinthira liwiro ndi zimene anyamatawo adati zawasangalatsa koposa. Munthu angathe kunamizidwa za mtima wake womwe. Ngati mwini wake amaumasulira molakwa chotere, nanga iwe wongogwira chitsulo uli tsidya?

Izi ziyenera kuwapatsa mantha pang'ono akatswiri a zaluso. Babu likaphethira mofulumira anthu akuona, mwini mtima amachita manyazi kapena kudabwa, mtima n'kuonjeza liwiro, babu n'kuonjezanso. Makina amene amati akungoonetsa maganizo a munthu amakhala akuwasonkhezeranso. Si choipa pachokha. Luso lililonse limagwedeza munthu, ngakhale gule. Choipa chimayamba pamene wina waima pambali n'kulengeza kuti, "Taonani, uyu ndi wamantha," kapena, "Uyu akubisa kanthu."

Chilakolako chimenechi si chachilendo kwa ife. Makolo omwewo amene adatisiyira mwambiwu ankamwetsana mwavi pofuna kudziwa amene ali ndi mtima wa ufiti: wosanza ndiye wosalakwa, wakufa ndiye mfiti. Anthu ambiri osalakwa adapita nawo, mpaka lamulo la mu 1911 lidauletsa mu Nyasaland. Anzeru amene ankati mtima wa mnzako ndi tsidya lina ankadziwa zoona, koma mudzi ukagwidwa ndi mantha unkaiwala nzeruyo n'kufuna njira yachidule. Patangopita zaka 10 chiletsedwere mwavi kwathu, mu 1921, John Larson wa ku polisi ya Berkeley, California, adakonza makina oyezera bodza, amene amayang'ana kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi ndi kapumidwe munthu akamafunsidwa mafunso. Ku South Africa makampani ambiri amawagwiritsa ntchito katundu akasowa, ngakhale makhoti a za ntchito akhala akunena kuti zotsatira zake pazokha sizikwanira kuchotsera munthu ntchito. Makhotiwo akunena zoona. Wakuba wozolowera amayankha mtima uli m'malo, pamene mlendo wosalakwa, amene Chingerezi chimamuvuta ndipo akuopa kubwezedwa kwawo, mtima umamugunda ngati utuluka. Makinawo amagwira wamantha, ndipo wamantha nthawi zambiri ndi wosauka.

Anthu a kumigodi amadziwa bwino kuyezedwa thupi. Lamulo la Mine Health and Safety Act la mu 1996 limafuna kuti wolowa m'mgodi ayambe wapimidwa, ndipo m'migodi yotentha munthu amalowetsedwa m'chipinda cha nthunzi n'kumakwera ndi kutsika pa kachitsepe kwa theka la ola kuti aone ngati thupi lake lingapirire. Kuyeza kotere kwapulumutsa miyoyo, ndipo sindikunyoza. Koma agogo athu a Wenela ndi Theba angatiuze mbali inayo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mkangano wa kuyeza magazi a HIV ndi umene udatseka njira ya Amalawi yopita kumigodi, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 adabwezedwa kumudzi. Chimene chatuluka m'thupi mwako chikagwera m'manja mwa wamphamvu, ndi iye amene amasankha tanthauzo lake. Lero kuyezako kwavala nkhope yokoma: pulogalamu ya zaumoyo ya Discovery Vitality imapereka mapointi kwa amene wotchi yake yaonetsa kuti mtima wathamanga mokwanira pa masewera olimbitsa thupi. Lamulo la POPIA, limene lidayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2021, limaika za umoyo ndi za thupi la munthu m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera. Opanga malamulowo afika pamene mwambi udafika kale: tsidya lili ndi mwini wake, ndipo sukocheza bwato pa dooko la eni popanda kuodira.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi amene amaumva mwambiwu ngati chenjezo lokha. Akuluakulu sadanene kuti mtima wa mnzako ndi phompho kapena ndi mdima. Adati ndi tsidya. Tsidya ndi malo ooneka, kumene kuli midzi, minda ndi manda a eni ake, kumene anthu amakwatirako ndi kukagulako mbewu. Kumafikika, koma pamafunika bwato, nthawi yabwino ya madzi, ndi wina wokulandira ukafika. Mwambi ukuletsa kuganiza kuti wadziwa zili uko uli chiimire kuno. Sukuletsa kupita.

Pulatinamu wambiri wa m'dera la Bethanie amathera m'zipangizo zosefa utsi wa galimoto, koma wina wochepa amapita kumene ambiri sitiganizira. Chifukwa choti sachita dzimbiri ndipo thupi silimukana, amamugwiritsa ntchito pa nsonga za timawaya ta kachipangizo kamene madokotala amaika m'chifuwa cha munthu wodwala mtima kuti kazimva kagundidwe kake ndi kukakonza kakasokonekera. Chitsulo chokumbidwa ndi manja a munthu wa ku Lusikisiki kapena ku Maseru chikukhudza m'kati mwenimweni mwa mtima wa nkhalamba ya ku Tokyo, usana ndi usiku. Palibe kuyandikana koposa apa. Komabe awiriwa sadziwana, ndipo wodwalayo sangakuuzeni ngati wokumbayo wadya lero.

Zimene zidachitika ku Marikana, kosatalikirana ndi Bethanie, zimandionetsa mtengo wa kukana kuwoloka. Pa 16 Ogasiti 2012 apolisi adawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito pa mgodi wa Lonmin, ndipo masiku a m'mbuyo mwake anthu 10 anali ataphedwa kale, kuphatikizapo apolisi awiri ndi alonda awiri a kampani. Onyanyala ntchitowo ankafuna malipiro a R12,500 pa mwezi, komanso ankapempha mobwerezabwereza kuti abwana abwere pa kaphiri pamene adasonkhana adzalankhule nawo. Bishopu Jo Seoka wa mpingo wa Anglican adafika pa kaphiripo tsiku lomwelo n'kunyamula pempholo kupita nalo kwa akuluakulu a kampani, koma iwo sadapite. Lipoti la komiti ya Farlam yofufuza za imfazi, lotuluka mu 2015, lidadzudzula apolisi, mabungwe a apantchito ndi kampani yomwe. Tiyerekeze kuti masana amenewo aliyense adavala choyezera mtima. Wapolisi wachinyamata wogwira mfuti ndi wobowola mwala wogwira ndodo akadaonetsa nambala zofanana. Nambalazo zikadanena zoona, kuti onse ali ndi mantha, koma sizikadaletsa chipolopolo ndi chimodzi chomwe. Chimene chinkapemphedwa chinali choti munthu adzuke pa mpando, ayende, akakhale pansi ndi kumva.

Patapita miyezi, mu 2013, bungwe la Khulumani Support Group lidasonkhanitsa ena mwa amayi amene amuna awo adafa ku Marikana, ndipo mothandizidwa ndi katswiri wojambula Judy Seidman adajambula zithunzi zazikulu zofotokoza moyo wawo ndi chisoni chawo, n'kumasulira okha tanthauzo la zimene ajambula. Ambiri a iwo ankakhala kutali, ku Eastern Cape ndi ku Lesotho, kumene uthenga wa imfa udawapeza. Panalibe waya kapena babu, koma pa ntchito zonse zimene ndatchula, iyi ndi imene mtima udawolokadi, chifukwa eni ake ndi amene adaupalasira bwato, m'mawu awo, pa nthawi imene adasankha. Atswana ali ndi mwambi wonena kuti mwana wosalira amafera m'mbereko. Ife timati safunsa adadya phula. Miyambi iwiriyi ikugawa ntchito: wa tsidya ilo anene, wa tsidya lino afunse. Pakasowa chimodzi, makina sangalowe m'malo.

Kunena kumeneku n'kumene kumativuta ife a paulendo. Bambo ali ku Bethanie, ganyu yatha milungu itatu yapitayo, lendi yakwana, akaimba pa WhatsApp kumudzi amati, "Kuno tili bwino, kaya inu?" Mayi nawo, chimanga chatha m'nkhokwe, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, amayankha kuti, "Tili bwino ndithu, bambo a Chisomo." Aliyense akuteteza mnzake, ndipo mtsinje ukukula. Wina atawapatsa awiriwa zitsulo za Remote Pulse, ndikukhulupirira kuti misozi ingagwe, ndipo misozi imeneyo ingakhale yoona. Mwinanso kugunda kofulumira kwa bamboyo kungawapatse mayi mpata wofunsa kuti, "Nanga mtimawu ukuthamangira chiyani?" Ngati luso lafikitsa anthu pa funso limenelo, lagwira ntchito yake yonse, ndipo ndi ntchito yolemekezeka. Yankho lake silibwera msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene wakhala chaka akunena kuti ali bwino satulutsa za kukhosi pa funso loyamba.

Wafalansa wina, Christian Boltanski, adatenga njira yosiyana ndi ya Pulse Room. Kuyambira mu 2008 ankajambula phokoso la mitima ya anthu m'maiko osiyanasiyana, ndipo mu 2010 adatsegula nyumba yosungiramo mitimayo pa chilumba cha Teshima ku Japan, yotchedwa Les Archives du Cœur. Iye adamwalira mu 2021, koma nyumbayo ikadalipo, ndipo munthu angathe kukamvako kugunda kwa mitima ya anthu amene ena a iwo adaikidwa kale m'manda. Ndikumvetsa chimene chimakokera anthu kumeneko. Mwana wamasiye angapereke zambiri kuti amvenso mtima wa mayi ake. Koma pa anthu amene mbiri yawo yadzaza ndi ziphaso, zidindo za zala ndi mabuku a abwana, ine ndimakonda chipinda chimene chimaiwala, chimene mtima wako umaonekamo kanthawi pakati pa ya anzako kenaka n'kuchoka osasiya dzina.

Katswiri wina atabwera ndi mababu ake mu holo ya ku Bethanie, ndingawalimbikitse anthu kupita, a m'migodi, a m'minda, eni mudzi ndi obwera omwe. Ndingamupemphe kuti asalembe maina kapena manambala a mapasipoti pakhomo, ndiponso kuti pansi pa babu pasaoneke mawu onena kuti uyu wakondwa, uyu waopa, uyu wakwiya. Makina anene liwiro basi, zotsalazo asiyire eni mitima. Kunja kwa holoyo aike mabenchi okwanira ndi tiyi, kuti otuluka asathamangire minibasi. Pa mabenchipo pafunikanso womasulira, chifukwa Mtswana wa ku Bethanie ndi Myao wa ku Mangochi akafuna kufunsana chimene chinathamangitsa mababu awo, Fanakalo, chinenero cha kumgodi chimene chidapangidwira kulamula ndi kuvomera, sichingawafikitse patali.